Kuonera Maule ndi Manoma pa Kamuzu Stadium: mpira ndi wokoma, vuto lili pa geti

Wogula tikiti ya masewero a FCB Nyasa Big Bullets (Maule) ndi Mighty Wanderers (Manoma kapena Nyerere) amalipirira mphindi 90 za mpira, komanso maola anayi kapena asanu okhala m'manja mwa okonza masewerowo, kuyambira polowa mpaka potuluka. Mpirawo ndi woyenera ndalama yake ndipo palibe masewero ena m'Malawi muno ofanana nawo. Koma chisamaliro chimene munthu amalandira pa bwalo la Kamuzu ku Chichiri n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa tikiti, ndipo pamene pamavuta koposa ndi pa geti, ola lomaliza mpira usanayambe.

Kuchuluka kwa anthu pa tsikuli kuli ndi gwero lake. Wanderers inayamba mu 1962, ndipo mu 1967 osewera ena anagalukira n'kuyambitsa Bullets. Chichokereni nthawi imeneyo mayina akhala akusintha kutengera amene akuthandiza timu ndi ndalama: ku Bullets Bata, Total, Bakili, Nyasa, ku Wanderers Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Masapota okha ndiwo sasintha. Ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni nyumba imodzi imatha kukhala ndi bambo wa Noma ndi ana a Maule, ndipo tsiku lokumana ndi neba onsewa amafuna kukadzionera okha. Onjezerani apo mabasi ochokera ku Zomba, Mulanje, Thyolo, Chikwawa ndi Lilongwe. Khamu lonseli limakathera pa bwalo lomangidwa nthawi ya atsamunda, lomwe kale linkatchedwa Rangeley Stadium, ndipo masitandi ake ena anatsekedwa akatswiri ataona kuti simenti yake yatopa. Anthu ofuna kulowa akuchulukirachulukira pamene malo okhala anachepa.

Matikiti amagawidwa panayi, kuyambira otsika mtengo: open stand, MBC stand, covered stand ndi VIP. Mitengo imalengezedwa kutatsala masiku ochepa, pa wayilesi ndi pa masamba a Facebook a matimuwo, ndipo pa derby, kutanthauza masewero a matimu awiri a mumzinda umodziwa, imakwera kuposa masewero wamba. Akalengeza kuti matikiti ayamba kugulitsidwa tsiku lisanafike, gulani nthawi yomweyo pamalo amene atchulidwawo. Mukasiya kuti mukagule pa bwalo, tengani ndalama yokwanira ndendende m'thumba lapadera, chifukwa kusolola chikwama chonse pakati pa anthu opanikizana ndiko kuitana opisa m'matumba. Musadalirenso kuti mukatapa ndalama ku Mpamba kapena Airtel Money mukafika. Anthu zikwizikwi akasonkhana malo amodzi netiweki imalemera, uthenga wotsimikiza umachedwa, ndipo maejenti apafupi ndalama zimawathera msanga.

Panja pa mpanda pamakhala madobadoba ogulitsa matikiti pamanja, nthawi zina motsitsa mtengo. Matikiti amenewa ndi amitundu iwiri. Ena ndi achinyengo, osindikizidwa mongotengera enieni, ndipo amagwidwa pa geti munthu atataya kale ndalama yake. Ena ndi enieni ndithu, koma analowera kale munthu wina: sanang'ambidwe pa geti, anabwezedwa kunja, n'kugulitsidwanso. Mtundu wachiwiriwu ndi woopsa kwambiri ngakhale wogulayo amalowa bwinobwino. Tikiti imodzi ikalowetsa anthu atatu, chiwerengero cha okonza masewero chimati malo akadalipo pamene m'kati mwadzaza kale, ndiye amapitiriza kugulitsa. Komanso ndalama za pa geti zimagawidwa kwa matimu awiriwo, eni bwalo, bungwe loyendetsa ligi la Sulom, bungwe la mpira m'dziko muno la FAM ndi khonsolo ya zamasewero, atachotsa kaye zolipira apolisi, masitiwadi ndi a chithandizo choyamba, kotero tikiti yozungulira imabera timu yomwe sapotayo akuti amaikonda. N'chifukwa chake anthu amadabwa kumva ndalama zolengezedwa zili zochepa pamene bwalo linali lodzaza mpaka m'makwerero. Onetsetsani kuti tikiti yanu yang'ambidwa inu mukuona, ndipo kachidutswa kotsalako kasungeni mpaka mutuluke.

Tsopano za geti. Masewero a ligi amayamba cha m'ma 2:30 kapena 3 koloko masana. Wofika 12 koloko amalowa mosavuta, amasechedwa modekha, n'kusankha pokhala. Wofika 2 koloko amapeza zina. Pa nthawi imeneyo magulu atatu amakumana pa khomo limodzi lopapatiza lolowa munthu mmodzimmodzi: amene ali ndi matikiti koma achedwa, amene akufuna kugula pompo, ndi achinyamata opanda tikiti odikira mpata wothyola geti kuti alowe ulere. Matimu akangotuluka kudzatenthetsa thupi, phokoso la m'kati limamveka kunja, akumbuyo amaganiza kuti mpira wayamba, ndiye amakankha. Iwo saona kuti kutsogolo kwatsekeka. Wakutsogolo amapanikizidwa ku chitsulo kapena ku khoma, mpweya umamuthera ali chiimire, ndipo akagwa mmodzi ena amagwera pa iye. Apolisi akayankha ndi zikwapu kapena utsi wokhetsa misozi, khamu limabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi n'kupondanso ena.

Izi si zongoopseza. Pa 6 July 2017, pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, anthu 8 anamwalira, ambiri mwa iwo ana, popanikizana pa geti asanayambe masewero a Bullets ndi Silver Strikers pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira. Mageti anachedwa kutsegulidwa, anthu anaunjikana, ndipo atatsegulidwa onse anafuna kulowa nthawi imodzi. Bwalo limenelo linali latsopano, lotsegulidwa chaka chomwecho. Ngati zinachitika pa bwalo la zipata zambiri, pa Kamuzu m'pofunika kusamala kowirikiza.

Mukapeza pa geti padzaza, patukani muime pambali mpaka papepuke, ngakhale muphonye mphindi khumi zoyamba. Mukapezeka muli kale pakati, ikani manja pachifuwa zigongono zitatuluka pang'ono kuti nthiti zikhale ndi mpata wopumira, yendani motsatira kumene khamu likupita uku mukusendera m'mbali, ndipo chipewa, nsapato kapena foni ikagwa musawerame. Valani nsapato zomanga, osati masilipasi. Mwana wamng'ono asayende pansi pamalo otero, ndipo kunena zoona mwana wosafika zaka 12 sayenera kupita ku open stand pa derby.

Okonza masewero akhoza kuthetsa theka la vutoli popanda kumanga chilichonse. Mageti onse ogwira ntchito atsegulidwe m'mawa, osati awiri okha. Pakhale mzere woyamba wa apolisi ndi masitiwadi chapatali ndi khoma, cha kumsewu, woona matikiti, kuti wopanda tikiti asafike n'komwe pa khomo. Kugulitsa matikiti kuchitikire kutali ndi polowera. Matikiti akatha, alengeze pa wayilesi ndi pa chimkuzamawu kuti atha, anthu abwerere akadali m'njira. Nthawi zina zimenezi zimachitikako, makamaka pa masewero a chikho, ndipo kusiyana kwake kumaoneka. Chodandaulitsa n'choti sizichitika nthawi zonse, ndiye sapota sadziwa chimene akapeze.

Mukalowa, open stand ndi makwerero a simenti, opanda nambala, opanda denga. Mu October ndi November simentiyo imatentha moti kukhala pansi popanda choyala n'kosatheka. Katoni yopindika kapena chitenje chopinda kanayi zimakwana, pamodzi ndi chipewa chachikulu. Ambulera imathandiza podikira, koma mpira ukayamba ipindeni, apo ayi akumbuyo sakusiyani. Mu June ndi July vuto limatembenuka: chiperoni chikagwa, mphepo ya ku Chichiri imalowa m'mafupa kwa munthu amene wakhala malo amodzi maola anayi, choncho juzi ndi yofunika ngakhale kunyumba mwachoka kuli dzuwa. Kumapeto kwa ligi, mvula ikayamba, makwerero amaterera. Malo amene atchingidwa ndi chingwe kapena waya musalowemo ngakhale muone ena akudumphira. Anatsekedwa chifukwa cha ming'alu, ndipo anthu mazana akamadumpha pamodzi pokondwerera chigoli ndi pamene simenti yofooka imalemedwa kwambiri.

Musanakwere, yang'anani mtundu wa malaya. Maule, ofiira ndi oyera, amakhala kwawo, Nyerere, abuluu ndi oyera, kwawonso, ndipo kulowa ndi jezi ya Nyerere pakati pa Maule, kapena ya Maule pakati pa Nyerere, n'kudziputira zinthu. Nthawi zambiri zimathera pa mawu ndi kuthiridwa madzi, koma chigoli chokayikitsa chikalowa zimatha kukula. Amene alibe mbali avale zakuda kapena zotuwa. Chokoma cha open stand n'chakuti derby yeniyeni ili kumeneko. Ng'oma zimayamba mpira usanayambe ndipo sizileka, wina wadzipaka utoto thupi lonse kusiya maso okha, mavuvuzela akulira, nyimbo ikayambika pakona imodzi imafalikira sitandi yonse. Amene akufuna zimenezi sangazipeze ku VIP.

Kwa munthu wobwera ndi mkazi wake, kholo lachikulire kapena mlendo, covered stand ndiyo yoyenera ndalama. Pali mthunzi, masapota a mbali zonse amakhala mosakanikirana, ndipo mikangano yake ndi ya pakamwa: akuluakulu okumbutsana za osewera akale a Bullets, Kinnah Phiri ndi Lawrence Waya, ena n'kumayankha ndi a Wanderers, Jack Chamangwana ndi Yasin Osman. Koma nakonso kumadzaza, ndipo wofika mochedwa amaonera ali chiimire kumbuyo ngakhale walipira mtengo wonse. Ku VIP mtengo ndi wokwera kwambiri pamene chowonjezera chenicheni ndi mpando ndi khomo lopepukirapo. Pa derby alendo oitanidwa ndi akuluakulu a mabungwe amachuluka kumeneko, choncho tikiti yokha siitsimikiza mpando wabwino ngati mwafika mpira uli pafupi kuyamba. Matikiti akanakhala ndi nambala ya mpando, dandaulo limeneli likanatha.

Mpira weniweniwo umaseweredwa pa kapeti, osati pa udzu weniweni, ndipo izi zimasintha kaseweredwe. Kukatentha, kapetiyo imawotcha mapazi, osewera amatopa msanga, ndipo liwiro limatsika pakati pa chigawo chachiwiri. Ikanyowa mpira umathamanga, mapasi apansi amapitirira, ndipo goloboyi amavutika ndi mashoti odunda patsogolo pake. Kapeti ikakalamba, ulusi wake umagona n'kuuma, mpira umadunda mopitirira, ndipo mawondo ndi akakolo a osewera ndiwo amalipira. Woyembekezera zigoli zambiri akhoza kukhumudwa. Derby kawirikawiri imakhala yomangika, yodzaza ndi mafaulo pakati pa bwalo, aliyense akuopa kukhala iye wolakwitsa amene dzina lake lidzatchulidwe m'maminibasi sabata yonse. Mphindi 15 zoyamba mpira umakhala m'mwamba kwambiri. Zigoli zambiri zimachokera pa kona, pa firikiki, pa penate kapena pa kuphonya kwa wotchinga kumbuyo. Kukoma kwake kuli pa kulimbirana mpira uliwonse ngati ndi womaliza, ndiponso poti mndandanda wa mapointi sunena kanthu pa tsikuli. Wanderers inatenga ligi mu 2017, kenako Bullets pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa inaitenga kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, chaka chimene inasesanso zikho za FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Koma ngakhale m'zaka zimenezo palibe sapota wa Maule amene ankapita ku derby mtima uli m'malo.

Chimene chimaononga masewero ena ndi nkhani ya zikhulupiriro za mankhwala. Timu kukana kulowera pa khomo loikidwa, kukana chipinda chosinthira, anthu kuthira zamadzimadzi pa golo kapena kulimbirana kathaulo ka goloboyi, zonsezi zimachedwetsa mpira ndipo zimautsa mkwiyo m'masitandi mpira usanagundidwe n'komwe. Matimu amalipitsidwa chindapusa pa zoterezi, koma wolipira tikiti sabwezeredwa nthawi yake. Apa ndi pofunika kuti woyang'anira masewero azilimba mtima.

Uthenga kwa oonera ndi wochepa. Palibe pepala la mayina a osewera logawidwa kwa anthu, ndipo chimkuzamawu sichimveka bwino ng'oma zikamalira. Masapota odziwa amabwera ndi kawayilesi kapena mahedifoni n'kumamvera owulutsa a MBC, Times kapena Zodiak, kuti adziwe amene walowa, amene wapatsidwa kadi, ndi chifukwa chimene woimbira wakanira chigoli. Gwiritsani ntchito wayilesi ya FM ya m'foni, osati ya pa intaneti, chifukwa ya pa intaneti imachedwa ndipo imadukaduka.

Chakudya chilipo chambiri kunja kwa mpanda: chipisi cha pachiwaya, kanyenya, mazira owiritsa, mtedza, nzimbe, mandasi. M'kati mavenda amayenda m'makwerero ndi madzi ndi zoziziritsa kukhosi, mtengo utakwererapo. Nzeru ndi kudyeratu musanalowe, n'kunyamula madzi okwana lita imodzi kapena imodzi ndi theka m'botolo la pulasitiki. Mabotolo agalasi amalandidwa pa geti, ndipo n'zoyenera. Madzi omanga m'timapepala apeweni pokhapokha mukudziwa kumene achokera. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri mu Blantyre, ndipo pa bwalo palibe posamba m'manja podalirika. Zimbudzi ndiye mbali yofooka kwambiri ya chisamaliro chonse. N'zochepa, madzi amasowa, ndipo pa mphindi 15 zopumulira mzere wake sungathe. Pitani cha m'ma mphindi 35 za chigawo choyamba, mutasiya mnzanu akusungireni malo. Amayi ndiwo amavutika koposa, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene ambiri a iwo amasankhira kumvera pa wayilesi. Zimbudzi zoyenda nazo zobwereka pa tsiku limodzi sizingadye gawo lalikulu la ndalama za derby.

Potuluka m'pofunikanso kuleza mtima. Mpira woyamba 2:30 umatha cha m'ma 4:25, ndipo ngati ndi wa chikho wofika pa mapenate onjezerani mphindi 20 kapena kuposerapo. Mu June dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, ndiye wopita ku Machinjiri kapena Chileka mdima umamupeza ali pa siteji. Komabe musathamangire kutuluka ndi gulu loyamba. Khalani pansi mphindi 15 mpaka 20, makwerero apepuke. Mukaona mabotolo ayamba kuuluka kulunjika kwa woimbira, yambani kusendera kutali ndi waya wa m'munsi, chifukwa utsi wokhetsa misozi ukaponyedwa umagwera kumeneko. Utsiwo ukakupezani, phimbani mphuno ndi pakamwa ndi nsalu yonyowa, musatikite m'maso, tsukani ndi madzi oyera, ndipo pitani mbali imene mphepo ikuchokera. Ovulala ambiri savulazidwa ndi utsiwo koma ndi kuthamanga motsetsereka pa makwerero. Chipatala cha Queen Elizabeth chili pafupi, ku Ginnery Corner, koma msewu ukadzaza ambulansi imachedwa.

Pa msewu wa Masauko Chipembere magalimoto amaima chifukwa opambana amavinira pakati pa msewu. Maminibasi oima pafupi ndi bwalo amakweza mtengo ndipo anthu amalimbirana pakhomo, pamenenso opisa m'matumba amagwirira ntchito yawo yomaliza. Kuyenda pansi mphindi 10 kapena 15, kulowera ku Ginnery Corner kwa opita m'tauni kapena kulowera ku Limbe kwa opita ku Bangwe, kumathandiza kupeza minibasi ya mtengo wa masiku onse. Wokwera kabaza agwirizane mtengo asanakwere, ndipo jezi aivundikire ngati akudutsa dera limene neba wagonja ali wokwiya. Wobwera pa galimoto yake asaimike moyandikana ndi mageti. Aimike chapatali, itayang'ana kotulukira, m'kati musaoneke chikwama kapena laputopu, ndipo mnyamata wolondera amulipire pobwerera.

Derby ikagwera ku Bingu National Stadium, monga zimachitikira pa ndime zomaliza za zikho, chisamaliro chimakhala chabwinopo: mipando ya aliyense, zipata zambiri, zimbudzi zochulukirapo, malo oimika magalimoto. Koma ndi ulendo wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Blantyre, ndipo njira yothamangiramo yozungulira bwalo imatalikitsa oonera ndi osewera, moti phokoso silimuthina wosewera ngati ku Chichiri. Mu 2019 boma linalonjeza kumangira matimu awiriwa mabwalo awoawo mu Blantyre, ntchito inayambika, kenako inaima kwa zaka. Bwalo la Kamuzu nalo lakhala likutsekedwa ndi kutsegulidwanso kangapo chifukwa cha kukalamba, ndipo bungwe la mpira mu Africa la CAF linaliletsa kuchititsa masewero a mayiko. Choncho musanalipire basi kuchokera ku Mzuzu kapena ku Mangochi, tsimikizani kutatsala masiku awiri kuti masewerowo ali pa bwalo liti komanso ayamba nthawi yanji.